Kuombola Mizere ya Atate

Mtendere, Lusaka
Lamulungu, 9 Juni 2024

Okondedwa alongo anga a Sydney,

Muli bwanji kwathu ku Nsefu? Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi alamu anga amake Japhet pamodzi ndi ana. Koposa onse ndikufunsa za atate. Kodi dzanja lamanja lija layamba kugwira kapu? Nanga lilime lamasukako? Pafoni mumangoti ali bwino, ndikafunsa kachiwiri mumati netiweki yavuta.

N'chifukwa chake ndalemba pamanja. Foni mumaidula nkhani ikafika pokuwawani, koma pepala lilibe podulira. Ndapatsira a Evans, kondakitala wa basi ya ku Mfuwe, ndipo ndawalumbiritsa kuti akupatseni m'manja mukabwera kudzatenga mankhwala a atate, asasiye pasitolo. Muwerenge mpaka pansi, alongo. Kuwerenga ndiye mphatso yanu, mudzi wonse umadziwa.

Kuno tilipo, ndi Mulungu. Kuzizira kwa Juni kwatigwira. Vivian wanga anatsokomola mpaka ndinachita mantha, koma tsopano wabwerera kusukulu ndipo akudya ngati akulipidwa. Magetsi sitikuwaonanso masana, moti kushopu kwathu ku Kamwala tabwerera ku makina osokera opalasa ndi mapazi, mayunifomu a ana a sukulu atiunjikira, madzulo miyendo ndimachita kuikoka. Ufa wakwera, makala akwera. Eni nyumba nawonso ayamba kundipatsa moni wautali wofunsa ndi za kumudzi zomwe, ndiye ndadziwa kuti lendi ili m'njira.

Ndamva kuti chilala chakusiyani ndi thonje lokha, ndi kuti kachimanga kamene kanapulumuka kudimba njovu zinadzamaliza. Pepani ndithu. Zimenezo tidzakamba tikaonana, chifukwa tionana posachedwa, mufune musafune.

Nkhani imene ndalembera ndi ya pepala la atate.

Pa Khirisimasi, inu mutapita kumowa, atate anandikodola ndi dzanja lamoyo lija nandilozera tiranki. Pansi pa zitenje za malemu amayi panali disichaji yawo, pepala lotulukira usilikali, lokulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Anandiuza movutikira, malovu akutsika, kuti ndipite nalo ku Lusaka likakonzedwe. M'zonse zimene analankhula, liwu limene linatuluka losapunduka ndi loti sajeni. Sindinakuuzeni chifukwa kuseka kwanu ndimakudziwa.

Ndikukumbutseni nkhaniyi mwadongosolo, popeza inu mumaikamba modumpha. Atate anabwera kuchokera kuusilikali ali ndi mizere itatu pamkono, ine ndili kumsana kwa amayi. Anthu ankawatcha a Sajeni Chulu, pamsonkhano ankawapatsa mpando, pamaliro ndiwo ankakonza mizere ya anthu. Patapita zaka, loji ina ya alendo ya ku Chinzombo inafuna mkulu wa alonda, munthu wodziwa kulamula anzake. Atate anapalasa njinga kupita kumeneko, natenga inu chifukwa munali mutangomaliza sukulu ndipo Chizungu chinkakuyabwani pakamwa. Manijala atapempha pepala, inu munalilanda n'kuyamba kuliwerenga mokweza pamzere wa amuna ofuna ntchito. Mutafika polembedwa udindo munawerenga kuti pulayiveti. Palibe amene anakufunsani, koma munamasuliranso kuti ameneyo ndi msilikali wamba, wopanda ngakhale mzere umodzi. Kenaka munaseka. Izi sindinazione ndi maso, anandiuza ndi amayi, ndipo amayi sankadziwa kukometsera nkhani.

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ntchito anapatsa wina. Atate anabwerera kukalondera anyani kumunda, dzina nalo linasintha, anakhala Sajeni wa Anyani. Zotsatira zake ndiye ndinaziona ndekha. Ana kumjigo ankawamenyera saluti ndi dzanja lamanzere n'kuthawa. Kusukulu anzanga ankandiuza kuti ndiime nji, bambo anga akudutsa ndi gulu lawo la michira. Amayi anasiya kupita kuchigwirizano chifukwa akalowa amayi anzawo ankatsokomola, ndipo anamwalira akutchedwa mkazi wa wabodza.

Komatu atate sanakhale chete. Anafotokoza kangati konse kuti kalaliki amene analemba pepalalo anali Mbemba, mbuya wawo pa chibale cha nthabwala, dzina lake Luckson Kangwa. Anati tsiku lotuluka munthuyu anawapatsa envulopu akuseka, nawauza kuti wawalanda mizere, akaifuna abwere ndi nkhuku adzaombole. Iwo anaseka naye, anamutukwana kuti wodya anyani, nakwera lole ya ku Chipata envulopu ili yomata. Ndani amatsegula envulopu chifukwa cha mawu a mbuya? Ife a kum'mawa ndi Abemba timalandana zipewa, timapakana ufa pamaliro, timatchulana akapolo, ndipo amene wakwiya ndiye amalipira. Mawu a mbuya saikidwa pasikelo. Koma atate akafika pamenepa pofotokoza, inu munkati bodza lakula, tsopano layamba kuweta nkhuku. Anthu anakonda mawu anuwo kuposa nkhani ya atate. Anayesa kamodzi kupita ku Chipata, anawauza kuti za asilikali n'za ku Lusaka, ndipo chaka chimenecho madzi anatenga munda. Chaka chinacho amayi anadwala. Kenaka anangosiya kuikamba.

Alongo, munthuyo ndamupeza. Alipo, ali moyo, wanenepa.

Ndinayambira ku ofesi imene imasunga mafayilo a asilikali opuma. Ndinapitako kambirimbiri, kusiya makina ali ndi nsalu pakamwa, mpaka abwana anga anandifunsa ngati nanenso ndalembedwa usilikali. Pomaliza mayi wina wa yunifomu, munthu waulemu ndithu, anandikhazika pansi nandiuza chilungamo. Akuti gulu la atate linathetsedwa kalekale, mapepala ake sanasonkhane onse, ndipo chimene chili m'fayilo ndi kope la pepala lomweli. Akuti sangamuwonjezere munthu mizere chifukwa choti mwana wake walira pakauntala, apo ayi dziko lonse likanakhala la akuluakulu a nkhondo okhaokha. Njira ndi imodzi. Amene analemba pepalalo akalumbire pamaso pa woweruza kuti analemba zosayenera, akatero akuluakulu adzakhala pansi n'kutulutsa disichaji yatsopano.

Anandithandiza ndi a Paskale, mlonda wa pashopu pathu, amene nawonso anali msilikali. Anakafunsa kwa madala amene amasewera nsolo pansi pa mtengo ku Chilenje, ndipo posakhalitsa anandilongosolera njira ya kwa Kangwa. Ndi nyumba ya mpanda wa njerwa, geti lobiriwira, mapapaya pabwalo, dishi ya wailesi yakanema padenga. Munthu anapuma bwino ameneyo.

Ndinapita Loweruka masana. Ndinagwada pakhomo, ndinapereka moni, ndinadzitchula kuti ndine mwana wa a Benwell Chulu a ku Nsefu, ku Mambwe. Mkuluyo anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaphulika kuseka mpaka kutsamwa, uku akudzimenya ntchafu. Anaitana akazi ake kuti afulumire adzaone kapolo wabwera yekha osamangidwa chingwe. Anandifunsa ngati m'chikwama ndabisamo mbewa zowamba. Ndinaseka naye, alongo, mano okha, chifukwa mwambo ndi mwambo. Ndinamubwezera kuti ndaona mitengo ya pabwalo pake ilibe nyani ngakhale mmodzi, ndiye kuti anamaliza onse. Anakondwa kwambiri, anati uyu ndi mwana wa Chulu ndithu, mupatseni mpando ndi tiyi.

Sindinachite n'kufunsa komwe. Anayamba yekha, ngati munthu wokamba za mpira umene timu yake inapambana. Akuti Chulu anali sajeni weniweni, wa mawu omveka kutsidya kwa bwalo, wothamangitsa anyamata mpaka kusanza, koma pachakudya ankadya pomalizira anyamata ake atakhuta. Akuti iye analemba mapepala awiri. Loona analibisa pansi m'dirowa, lachimbuya analiika m'envulopu, nadikira nkhuku. Anadikira, Chulu osabwera. Kenaka anamusamutsa mwadzidzidzi, dirowa inatsala, ndipo kope limene linapita kumafayilo ndi la lachimbuya lija, limene linali pamwamba. Pomaliza anapukuta misozi ya kuseka, nati anthu a kum'mawa ndinu ouma manja, munthu kulolera kutaya mizere itatu chifukwa choumira nkhuku imodzi.

Mwamva, alongo? Liwu ndi liwu monga ankanenera atate, ndi nkhuku yomwe.

Ndinamuuza zonse. Za ku Chinzombo, za ana a kumjigo, za amayi. Ndinayesa kuti nkhope igwa. Anandifunsa kuti dzina lija mwati chiyani, tabwerezani. Nditabwereza kuti Sajeni wa Anyani, anagwa chagada pampando miyendo m'mwamba, nati limeneli ngakhale iye sakanaliganiza, amene analipeka ayenera kuti ali ndi magazi a Chibemba, amugulira mowa. Sindinamuuze kuti wopeka dzinalo tinayamwa bere limodzi. Ndinatsala pang'ono kumukhuthulira kapu ya tiyi kumaso. Ndinadana naye munthu ameneyu, ndipo ndikudana naye pamene ndikulemba pano. Koma dzanja lake ndi limene tikufuna, choncho ndinameza.

Nditamupempha kuti akalumbire, anati cholandidwa pachimbuya sichibwerera chaulere, nkhuku ija akuidikirabe. Loweruka lotsatira ndinagula tambala wa kumudzi, wamkulu, ndinamunyamula m'minibasi akundiipitsira chitenje, anthu akundiseka. Anamulandira, anauza akazi ake amuphe, tinadya. Nthutumba ndi chiwindi anatenga yekha. Uku akutafuna anayamba kundifunsa mofatsa za atate. Kodi amayenda? Kodi amalankhula? Kuchokera ku Nsefu kufika pamsewu wa tala ndi mtunda wotani? Nanga a kuchipatala akuti bwanji? Ine, chitsiru, ndinayesa kuti chifundo chafika mochedwa, ndinayankha zonse osabisa kanthu.

Atasamba m'manja anati nkhuku imeneyi ndi ya moni wa mwana, ndipo yakoma. Ya mizere abweretse mwini wake. Chulu afike yekha pabwalo pake, agwade, apereke nkhuku ndi manja awiri, anene pamaso pa banja lonse kuti ndine kapolo wanu. Akatero, m'mawa mwake apitira limodzi kukhoti.

Manja awiri, alongo. Ndinali nditangomuuza kumene kuti limodzi linafa.

Potsanzikana anandigwira paphewa, nanditcha mkazi wake wamng'ono, nati ndisadandaule. Chulu akafa asanabwere, iye adzakwera basi mpaka ku Nsefu ndi thumba la ufa, adzaima pamanda, adzamenya saluti n'kulengeza pamaso pa mudzi wonse kuti apa pagona sajeni weniweni. Mukuiona nkhanza yake? Adzanena zoona pamalo amodzi okhawo pamene aliyense adzadziwa kuti mbuya akuseketsa maliro. Anthu adzafa ndi phwete, adzati ngakhale Mbemba wa ku Lusaka anamva za Sajeni wa Anyani, ndipo ife ofedwa tidzayenera kumuponyera kangachepe m'mbale kuti atileke.

Akazi ake anandiperekeza mpaka pageti. Ndi mayi wofatsa, wooneka kuti nthabwala za mwamuna wake zinamutopetsa kale. Anandinong'oneza kuti ndisataye nkhuku zanga, bamboyo alibe maganizo osaina. Akuopa kuti akalumbira kuti anaseweretsa pepala la boma amulanda penshoni kapena kumutsekera, ndipo chifikire ine sagona bwino. Akuti mafunso a thanzi aja anali oyezera kuti atate sangafike. Ndinalira njira yonse mpaka ku Mtendere, kondakitala anachita kundisiya osandilipiritsa.

Koma chimbuya si cha Abemba okha. Ndinapita kwa a Gladys a ku Jumbe, aja ankagulitsa nthochi pamsewu, mukuwakumbuka. Kuno ndiwo amatsogolera amayi a kum'mawa a mumpingo mwathu kukakhala maliro a Abemba. Amakaphika, amakatunga madzi, amakapaka ofedwa ufa ndi kuwaseketsa mpaka aiwale kulira. Palibe mayi wa pakamwa poyabwa ngati ameneyo, koma nditawafotokozera sanaseke. Anati chimbuya chimalanda chipewa, sichilanda mutu.

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi tinapita gulu kwa Kangwa, zitenje zofanana, ufa m'timapepala. Tinamupeza atakhala pakhonde ndi ana ake aamuna ndi akulu ena a mumpingo mwake. Amayi anayamba mwamwambo, kuimba, kumuvula nsapato, kumupaka ufa kumutu mpaka m'makutu, iye akuseka ndi kutukwana. Kenaka a Gladys anakhala pansi patsogolo pake, anatambasula miyendo, nalankhula osamwetulira. Anati ba Kangwa, mwambo mumaudziwa kuposa ife. Cholanda chikaomboledwa chimabwezedwa, wokana kubweza si mbuya, ndi mbala. Anati atate akafika ndi nkhuku iye n'kuzemba, tsiku la maliro ake palibe wa kum'mawa adzaponde pabwalo limenelo. Sipadzakhala wokumba, wophika, kapena woseketsa amasiye. Adzapita ngati munthu amene sanakhalepo ndi anzake, ndipo chifukwa chake amayiwo adzachilengeza pamaliro alionse a Abemba mu Lusaka muno.

Mwana wamkulu wa Kangwa, munthu wa tayi, anafunsa bambo ake ngati nkhaniyi ndi yoona. Mkuluyo anayesa kuseka, ufa ukuyoyoka m'nsidze, koma kuseka sikunatuluke. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala kumuona chonchi, ndipo sindikupepesa kwa aliyense. Anavomera pamaso pa onse kuti Chulu akagwada, iye akalumbira.

Pa kugwadako ndiye sanasunthe. A Gladys anayesa kunena kuti munthu wodwala angaimiridwe ndi mwana wake wamwamuna. Anakana, akuti mizere sinali pamkono wa mwana. Amayi anayang'anana, navomereza kuti pamenepo mwambo uli kumbali yake. Akudalira sitiroko ndi msewu wa ku Nsefu kuti zimumalizire ntchito. Dzana akazi ake ananditumizira uthenga kuti wayamba kukamba zopita kwawo ku Kasama mwezi wamawa kukaona minda, munthu amene khasu analigwira komaliza ali mnyamata.

Ndinabwereranso kwa mayi wa kuofesi uja kukafunsa ngati munthu angamangidwe pa nkhani ngati imeneyi. Anati sangalonjeze, koma pa zinthu zakale chonchi akuluakulu amafuna choona kuposa mkaidi wokalamba. Zimenezi Kangwa sindinamuuze. Agone ndi mantha ake, atate anagona ndi manyazi nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Mubweretse atate ku Lusaka mwezi uno usanathe.

Mitsinje yaphwa, njira ikuyendeka. Muwamange panjinga ndi chitenje monga mumachitira popita nawo kuchipatala, mukagone kwa azakhali ku Chinzombo, chifukwa basi imanyamuka ma ziro fo, m'bandakucha. A Evans akusungirani mipando ya kutsogolo, matikiti ndakonza kale. Mutenge bulangete ndi ndowa yaing'ono. Nkhuku ichokere pakhomo pa atate, isakhale yogula panjira, kuti munthu uja asapeze ponamizira. Muwaveke jekete lawo la khaki ngakhale likuwakhwepa. Pogwada tidzawagwira m'khwapa, inu uku ine uku, ndipo dzanja lakufalo ndidzaliika ndine pansi pa nkhuku kuti manja akwane awiri.

Zimene munene ndikuzidziwa. Munena kuti thonje likudikira kutola. Munena kuti a kuchipatala anati asagwedezeke, ndi kuti ulendo wa tsiku lonse ungawamalize basi isanadutse n'komwe mapiri a Manenekela. Nanenso ndinafunsa namwino wa kuno, sanandinamize, anati n'zotheka. Munenanso kuti ine ndili kutauni kuno ndikulamula ndi cholembera, pamene owatembenuza, kuwasambitsa ndi kuchapa zofunda ndinu ndi alamu. Zimenezo n'zoona, Mulungu akuziona, ndipo ine ndikuthokoza. Azakhali nawonso adzalira kuti tikufuna kuwaphera mchimwene wawo pamsewu, muwasiye alire.

Kapena munganene kuti chabwino, tsopano mwakhulupirira, ulendo ndi wachiyani, mungolowa m'nyumba n'kuwauza kuti atate munkanena zoona. Yesani. Adzakuyang'anani ndi diso lija. Munthu amene mumamudyetsa ndi supuni amadziwa kuti mungamuuze chilichonse kuti ameze.

Musavutike n'kuganiza kuti muwauza bwanji, akudziwa kale. Lachitatu inu muli kumunda ndinaimbira alamu, anakwera pachulu paja pogwira netiweki, kenaka anthu anawathandiza kunyamulira atate pampando mpaka pomwepo. Musawakalipire alamu, ndinawakakamiza ndine. Anawagwirira foni kukhutu, ine ndinafotokoza zonse, za kuseka, za tambala, za kugwada, za mawu oti akanene, ndi zoti angafere panjira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati apita.

Mtima unandiwawa, alongo, chifukwa pansi pamtima ndinkafuna akane. Ndinawafunsa kuti atate, n'chifukwa chiyani? Amene ankakusekani ambiri anafa, manijala uja anabwerera kwawo, ana a kumjigo ali ndi ana awo. Mukagwadire munthu amene anakuwonongerani moyo, mudzitche kapolo pamaso pa adzukulu ake, kuti aone ndani? Anatenga nthawi kusonkhanitsa mawu, alamu akundibwerezera amene sindinamve. Anati za mudzi alibe nazo ntchito, mudzi useke mpaka utope. Anati mwana wanga Sydney amandisambitsa bwino, sandikalipira, koma amasambitsa wabodza. Anati sakufuna kutsitsidwa m'manda ndi manja amene amawayesa otero, ndipo pakamwa pawo panalephera kukutsimikizirani ali ndi mphamvu, ndiye lero pepala lokha ndi limene mungamvere.

Alamu akuti masiku ano mwakhala mukudandaula kuti atate akumalankhula okha masana onse, akubwereza chinthu chimodzimodzi chosamveka, mwina mutu wayamba kusokonekera. Mutu uli bwino. Mukamaliza kuwerenga pano mukaime kuseri kwa chitseko, mutchere khutu. Akuphunzira kunena kuti ndine kapolo wanu. Liwu lapakatilo likuwakana, lilime likumakakamira, ndiye akuliyambiranso. Akufuna likatuluke loyera, kuti Kangwa asadzanene kuti sanamve. Akuchitira inu zimenezo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga amake Japhet, muwauze kuti nsalu ya diresi ija ndasunga. Moni kwa Japhet ndi Sunday, alimbikire sukulu koma aphunzire ndi potsekera pakamwa. Moni kwa amalume a Benson, kwa azakhali a ku Chinzombo ndi ana awo, ndi kwa onse a pamudzi ofunsa za ine. Vivian akuti moni kwa amalume ake.

Atate musawaperekere moni wanga. Ndidzawapatsa ndekha pasiteshoni akamatsika basi, inu muli kumbuyo kwawo mutanyamula nkhuku.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Juliet